Chaka Chimene Amayi Anakana Kutumidwa

Nsapato zija zinali zakuda, za lamba wopingasa ndi kachitsulo komangira pambali, ndipo zinkanunkhira sopo wachilendo chifukwa zinakhala zaka zinayi m'chikwama cha abambo pamodzi ndi zovala zawo. Ndikatseka maso ndimazionabe zili pamphasa, pakhonde la nyumba yathu kumtunda kwa Nzama, mapepala oyera atakwinyidwira m'kati mwake. Sindinaonepo nsapato zokongola ngati zimenezo. Vuto linali limodzi lokha: sizinandikwane.

Abambo anapita ku Joni ndili ndi zaka zitatu, kukagwira ntchito pa famu ya mphesa. Nditakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, kunabwera bambo wina wa mudzi woyandikana nafe amene ankabwerera komweko, ndipo amayi anachita zimene akazi onse a kwathu ankachita. Anandipondetsa phazi pansi, anadula kachingwe ka khonje kofanana nalo, kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, n'kumupatsira munthuyo. Kachingwe kanafika bwinobwino, ndipo nsapato zinagulidwa sabata yomweyo. Koma abambo anakana kuzipatsira munthu. Ankafuna kudzandiveka okha, poti ankati abwera pa Khirisimasi. Khirisimasi inadutsa, ina inadutsanso, mpaka zinayi, phazi langa likungokula osadikira munthu.

Anafika m'nyengo yachisanu, ine ndili ndi zaka khumi. Ndinkayembekezera chimphona, chifukwa amayi akamanena za iwo ankachita kukweza dzanja m'mwamba. Amene anatsika pa lole ya kachewere tsiku limenelo anali munthu wamfupi, woonda, wovala chipewa chaubweya, wotsokomola chapansipansi ngati akupepesa. Anthu odzalonjera atabalalika, anatsegula chikwama n'kutulutsa nsapato zija. Zala zinalowa, chidendene chinakana. Ndinakankha, ndinaponda, ndinapinda zala mpaka misozi kulengeza, koma ayi ndithu. Abambo anayang'ana phazi langa nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Amake mwana, mwana wanuyu wakula chonchi osandiuza?"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ananena okhudza ine, ndipo sanawanene kwa ine. Nsapato zinabwerera m'chikwama. Ine ndinapitiriza kuyenda ndi mapazi anga a masiku onse, ong'aluka ndi chisanu.

Kuyambira tsiku limenelo mawu onse a m'nyumba mwathu ankadzera kwa amayi. Abambo akafuna madzi osamba, ine ndili poteropo, ankati, "Muuzeni mwanayo atereke madzi." Ine ndikafuna kupita ku kwaya ya ana, ndinkagwada pafupi ndi amayi n'kunong'ona, "Awuzeni." Amayi ankanyamula mawuwo uku ndi uku, ndipo panjira ankawatsuka. Abambo akati mwanayu ndi waulesi, kwa ine ankafika akuti, "Abambo ako akuti ufulumireko pang'ono." Ine ndikati sindikufuna kukawapatsira madzi akumwa chifukwa amandiyang'ana ngati ndaba, kwa abambo ankafika akuti mwana mutu ukumupweteka. Anthu apamudzi ankatiyamikira. Ankati taonani ulemu wa mwana uyu, sayang'ana bambo wake kumaso. Lero ndikunena poyera kuti sunali ulemu umenewo. Tinkangoopana basi, ine ndi munthu amene anandibereka.

Bambo amene ndinkamudziwa ine anali amalume, achimwene awo a amayi, amene ankalima mpunga ku Bwanje. Abambo kwathu kuja anali mkamwini. Munda, dimba ndi malo a nyumba zinali za kwawo kwa amayi, ndipo mwini mbumba anali amalumewo. Ndi iwo amene anathamanga nane kuchipatala pa njinga nditakomoka ndi malungo, ndi iwo amene anakandilembetsa sukulu. Ankakwera chitunda chonse chija akukankha njinga, thukuta lili kamukamu, kathumba ka mpunga kali pa kaliyala, n'kumafika akufuula dzina langa akadali kuseri kwa mabulugamu. Sindingawanenere choipa. Anachita zimene mwamuna aliyense wokonda mbumba yake akanachita.

Nkhani inaphulika tsiku lotsekera teremu yachiwiri. Ndinakhala nambala 2 m'kalasi mwathu. Ndinathamanga njira yonse lipoti lili m'manja, ndipo nditafika ndinapeza abambo ali pakhonde akusema mpini, amalume atangofika kumene, akumasula katundu pa njinga. Abambo ataona pepala m'manja mwanga anaika kasemasema pansi n'kupukuta manja pa buluku. Ndinawaona akupukuta manjawo, ndipo mpaka lero ndimawaonabe. Ndinawadutsa ngati ndikudutsa chitsa, n'kukagwada pamaso pa amalume kupereka lipotilo. Amalume anakondwa, anandinyamula m'mwamba, akuti mwana wanga ameneyu, mutu wa kwathu. Abambo anatola mpini wawo. Sanakalipe. Anangonena, maso ali kwa amayi:

"Awuzeni alamu amutenge. Chaka chikatha azikaphunzira ku Bwanje, kwa bambo wake. Ine ndaona kuti muno ndine mlendo."

Amalume anavomera msanga, mwinanso msanga kwambiri. Anati ku Bwanje sukulu ili pafupi ndipo mwana sazizunzika ndi chisanu. Amalume ndinkawakonda, koma kukacheza ndi kusamuka n'zosiyana. Ndinali mwana mmodzi yekhayo wa amayi, ndipo chibadwire ndinali ndisanagone kutali nawo. Kuti chaka chithe panatsala miyezi inayi.

Mwambo wa kwathu umati banja likagwedezeka mumathamangira kwa ankhoswe. Koma nkhoswe ya amayi anali amalume omwewo, ndiye nkhani ikanakaweruzidwa ndi munthu amene wapambana kale. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, amayi sanabwerere nafe kunyumba. Anakaima pansi pa mtengo kudikira alangizi a mabanja a mumphakati mwathu, aphunzitsi ena opuma pantchito pamodzi ndi akazi awo. Dzuwa lisanalowe abale onse anali atamva kale. Amayi aang'ono, ang'ono awo a amayi, anabwera atagwira m'chiuno, akuti mwatulutsira kunja za m'nyumba, ndipo mwanyoza achimwene. Amayi anawasiya alankhule mpaka mpweya kuwathera, kenako anangoti, "Mwana ndinabereka mmodzi. Sapita."

Alangiziwo anabwera Loweruka masana, aphunzitsi atanyamula ambulera ngakhale kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Abambo sakanawakana, poti amene anawaphunzitsa kugwira pensulo anali aphunzitsi omwewo. Anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi umene unali utangoyamba maluwa, njuchi zili ng'ung'ung'u pamwamba pathu. Ine ndinanyamuka kuti ndichoke, monga amachitira mwana akuluakulu akakhalira nkhani, koma akazi a aphunzitsi anandigwira siketi n'kundikhazika pamphasa. Anati nkhani ndi yako, ukupita kuti?

Anapemphera, anawerenga mawu a Mulungu onena za udindo wa makolo pa ana ndi wa ana pa makolo. Kenako aphunzitsi anafunsa abambo kuti mwana wawo amakonda phunziro lanji kusukulu. Abambo anati sakudziwa. Aphunzitsi anati ndiye mufunsenitu, ali pompano. Abambo anatembenukira kwa amayi n'kuti, "Mufunseni." Amayi anatembenukira kwa ine. Ine ndinanong'oneza amayi kuti masamu. Amayi akuti atsegule pakamwa kupereka yankho kwa munthu amene anali atalimva kale, akazi a aphunzitsi aja anaomba m'manja n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Mayi, kodi ntchito ya umesenjalayi munalembedwa liti?"

Tonse tinkayembekezera kuti adzudzula abambo, kapena ine wamwanone. Koma anayamba ndi amayi, munthu amene anakawaitana. Anati chikondi chanu n'chimene chatseka njira, ndipo anthu awiriwa sadzadziwana inu mukadali pakati. Anati Mulungu anapatsa mwanayu makolo awiri, ndipo aliyense ayenera kumudziwa ndi pakamwa pake ndi makutu ake. Kwa abambo anati mwana amene sanakuoneni zaka zisanu ndi ziwiri sanakulakwireni pokhala wosakudziwani, ndipo woyamba kusendera ndi wamkulu. Kwa ine anati kulemekeza bambo si kumuthawa. Za amalume anati asanyozedwe ngakhale pang'ono, analera mwana pamene panali pofunika, koma mpando wa bambo uli ndi mwini wake. Amayi anamva zonsezo atazolika ndi manyazi.

Anatisiyira zinthu ziwiri zoti tichite. Choyamba, amayi asanyamulenso mawu a munthu, ngakhale amodzi. Chachiwiri, ine ndi abambo tikhale ndi mizere yathuyathu ya kachewere ku dimba, tibzale, tithirire ndi kukumba awiriwiri, amayi osapondako phazi. Za ku Bwanje zidzakambidwa kachewereyo akakumbidwa. Abambo anangogwedeza mutu. Ndikuganiza kuti anavomera chifukwa choopa aphunzitsi awo, osati chifukwa chokhulupirira kuti zingathandize.

Ine ndinkati amayi satha masiku atatu. Ndinali ndisanawadziwe. M'mawa mwake abambo anati, "Muuzeni mwanayo atereke madzi." Amayi, tsache lili m'manja, anati, "Ali apoyo, makutu ali nawo." Abambo anatsokomola, kenako anapita kukatereka okha madziwo. Mwamuna wamkulu kugwada pamafuwa kuuzira moto, utsi uli m'maso, amayi aang'ono akusuzumira pampanda! Ine ndinapita kukapempha amayi kuti andinenere za kwaya kwa abambo, ndipo yankho linali lakuti pakamwa uli napo. Ndinajomba kwaya milungu itatu m'malo monena mawu anayi okha. Liuma limenelo sindinalitole panjira. Ine ndi abambo tinali ofanana kuposa mmene tonse awiri tinkadziwira.

Abale anawanena amayi mpaka kutopa. Ankati ayamba mwano, alangizi awazunguza mutu, mkazi wanji wolekerera mwamuna kuuzira moto. Kuchitsime akafika nkhani inkaduka. Tsiku lina abambo anapsa mtima, anaponya beseni pansi, anati ngati nyumba ino ikulamulidwa kutchalitchi ndiye iwo abwerera kumene anachoka. Amayi anali akupeta chimanga. Lichero silinaime.

"Mukamapita mutsanzike nokha kwa mwana wanu. Ine sindimuuza."

Abambo anayenda mpaka kumabulugamu, anaima kumeneko kanthawi atagwira m'chiuno, n'kubwerera kudzatola beseni lawo. Alangizi aja ankadzera Loweruka lina ndi lina, osakhalitsa. Ankafunsa kuti kachewere akuyenda bwanji, ankapemphera nafe, ndipo pochoka mayi aja ankawagwira amayi paphewa n'kuti limbikirani, musatope.

Ku dimba tinkalawirira m'mamawa. Nkhungu inkakhala ili mbuu m'chigwa monse, mame akuluma mapazi. Abambo ankatsogola ndi makheni awiri othirira, ine kumbuyo ndi ndowa. Tinabzala mizere khumi ndi iwiri popanda kuuzana kanthu. Koma ntchito imafuna mawu, ndiye abambo anapeza nzeru: anayamba kuyankhula ndi mizere. Ankaima n'kunena mokweza, "Mzere uwu sunamwe madzi." Ine ndinkatenga ndowa n'kukauthirira. Nanenso ndinkauza ndowa yanga, "Ndowa iyi yayamba kudontha," ndipo mawa lake ndinkaipeza atayimata ndi pulasitiki wosungunula. Wodutsa panjira akanati pabanja pathu pagwa misala. Kachewere anamera, anatambasula masamba, anachita maluwa oyera, ife tikungocheza ndi mizere ndi ndowa.

Komabe ndinayamba kuona zinthu. Chala chimodzi cha kudzanja lawo lamanzere chinali chopindika, sichinkawongoka. Akaiwala kuti ndilipo ankaimba chapansipansi nyimbo za ngoma, zija amavina amuna atanyamula zishango, za mawu achingoni amene ngakhale iwowo sankawamva onse. Ndipo tsiku lililonse ankandisiyira mizere ya pafupi ndi chitsime, iwo n'kumathirira yakutali.

Kutayamba kutentha, Lolemba lina pobwerera ku dimba ndinaponda munga wa mthethe pampanda wotchingira mbuzi. Unathyokera m'kati mwa chidendene. Ndinafika kunyumba ndikutsimphina, n'kukawapeza amayi kuseri kwa nkhokwe. Anagwira phazi, analitsuka ndi madzi amchere, analiyang'anitsitsa, anafinya pang'ono m'mbali. Kenako analiika pansi.

"Singano ndilibe. Abambo ako ali ndi phini pachipewa chawo. Kawauze."

"Awuzeni ndinu, amayi."

"Phazi ndi lako."

Ndinalira mokuwa. Ndinawauza kuti ndi oipa mtima, bola ndingopita ku Bwanje komweko kwa anthu ondikonda. Anandiyang'ana osaphethira, kenako ananyamuka kukasenza nkhuni. Lachiwiri ndinayenda chonyang'ama, ndikubisa pamaso pa abambo. Lachitatu chidendene chinatupa, chikugunda ngati chili ndi mtima wakewake. M'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kupeza amayi atakhala kumiyendo kwanga ndi kambale ka madzi amchere, akutsuka bala, akundigwira pachipumi kuti amve ngati thupi latentha. Akamaliza mawu anali omwe aja: kawauze.

Abambo nawo sanali akhungu. Ndinawamva akuuza amayi kuti mwanayo akutsimphina, mumufunse chavuta n'chiyani, ndipo ndinamva amayi akuyankha kuti mufunseni nokha. Titafika ku dimba anaima pakati pa mizere, anatsokomola, n'kunena mokweza, "Pali munthu akutsimphina pano." Mzere sunayankhe, ndowa nayo sinayankhe. Ndikakumbukira zimenezi ndimaseka, koma ndimakwiyanso. Munthu wamkulu ndi kamwana, tonse kulephera kuwoloka kamtunda kochepa chonchija.

Lachinayi ndinalephera kunyamula ndowa. Ndinaponda pachibuma, ululu unakwera mpaka kumutu, ndowa inagubuduka, ine ndinangokhala pansi m'matope. Ndinayang'ana ndowa, ndinayang'ana mizere, ndipo ndinaona kuti pa zonsezo palibe chimene chingandizule munga. Ndiye ndinanena:

"Ababa, ndalasidwa ndi munga."

Makheni onse awiri anagwa pansi. Ndinali ndisanaonepo mwamuna wa kwathu akugwadira mwana, koma abambo anagwada m'matopemo, buluku lonse kunyowa, n'kuika phazi langa pantchafu pawo. Anazula phini pachipewa, anaiwotcha ndi machesi, n'kuti, "Yang'ana kuphiriko, mwana wanga. Luma mano." Ananena kwa ine, osati kwa mzere. Panatuluka mafinya, kenako kamunga kakuda, kakang'ono moti n'kuchita manyazi kuti ndi kameneka kandizunza chonchi. Anakaika pachikhatho panga kuti ndikaone, n'kumanga bala ndi kampango kawo ka m'thumba.

Koma phazi sanalisiye. Analigwirabe, akuliyang'ana monga analiyang'anira tsiku la nsapato lija. Kenako anapisa m'thumba la m'kati mwa jekete n'kutulutsa kachingwe ka khonje, kakuda ndi thukuta, konyotsoka kumapeto. Anakayala pansi pa phazi langa kuyambira kuchidendene. Kanalekezera pamene zala zimayambira.

"Mwana amene ndinkamudziwa ndi uyu," anatero, akuloza kachingwe. "Kotsalaku unakula ine kulibe. Undikhululukire."

Palibe amene anandiphunzitsapo chimene mwana amanena bambo wake akapepesa. Ndinangowafunsa kuti chala chawo chinatani. Anandiuza kuti chinapanidwa ndi chitseko cha ngolo ya thirakitala, ndipo tsiku lomwelo anabwereranso m'munda wa mphesa atamanga nsanza, chifukwa wogona ankalowedwa m'malo. Ndinafunsa ngati mphesa zimakoma, anati zimakoma sabata yoyamba yokha. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kukwera. Sukulu ndinajomba. Anandibereka kumsana mpaka kunyumba, miyendo yanga ikulendewera m'maondo mwawo, anthu panjira akuseka kuti mwana wamkulu chonchi. Abambo sanawalabadire.

Tikulowa pabwalo ndinaona amayi atasamba, atavala chitenje cha kutchalitchi, buku langa la kuchipatala lili m'manja ngati munthu wa paulendo. Atationa anaima chilili, kenako anatembenuka msanga n'kulowera kuseri kwa nkhokwe. Bukulo analisiya pamtondo. Abambo analitola, anabwereka njinga, n'kupita nane okha kuchipatala ku Nzama kukatsukitsa bala.

Sindinganame kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zinangoti myaa. Abambo anakhalabe munthu wa mawu ochepa ndi wa mtima wapachala, ndipo ine ndinkachitabe chibwibwi powayankha. Panali masiku amene pakamwa pankabwerera kuchizolowezi, wina n'kuyamba kuti muuzeni kapena awuzeni, amayi n'kungoloza ndi chibwano. Koma mizere inasiya kuuzidwa nkhani. Pothirira ankandifunsa masamu a m'mutu, ndikakhoza n'kumati ayi, wangolota, ndikupatsenso ena.

Kachewere tinakumba mitambo itayamba kusonkhana. Sukulu itatsekera, amalume anakwera chitunda chija ndi njinga yawo, pa kaliyala atayalapo kansalu kopindapinda koti ndikhalire. Alangizi aja analiponso, pansi pa mtengo wa mapichesi womwe uja, tsopano utalemera ndi zipatso. Moni atatha, amalume anatembenukira kwa amayi n'kufunsa ngati katundu wa mwana walongedzedwa.

"Achimwene, bambo wake ali apo. Afunseni."

Mwini mbumba kukafunsa mkamwini za mwana wa mlongo wake, zimenezo kwathu zinali zisanamveke. Amalume anayang'ana amayi ngati awamenya mbama, koma amayi sanaphethire. Abambo anavula chipewa. Anathokoza alamu awo chimodzichimodzi, za malungo aja, za sukulu, za mpunga wa zaka zonsezo, ndipo anati zimene munachita sindingathe kubweza. Anati mawu aja oti mumutenge mwanayu ndinawanena mtima ukupweteka. Kenako anatchula dzina langa n'kundifunsa ngati ndikufuna kupita. Mwachizolowezi ndinayang'ana amayi. Amayi anali akuyang'ana nkhuku. Ndiye ndinayankha ndekha.

"Ndikhala, ababa. Kwa amalume ndizipita pa holide."

Amalume anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Anachotsa kansalu kaja pa kaliyala n'kukapinda bwinobwino. Abambo anamangapo thumba la kachewere wa m'mizere yathu, wosankha wamkuluwamkulu, ndipo pamwamba pake anaika nsapato zakuda zija kuti akampatse mwana wamkazi wa amalume, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinawaperekeza amalume mpaka kumabulugamu. Titafika kumeneko anangondigwira pamutu n'kukwera njinga. Zinawapweteka amalume tsiku limenelo, ndipo ine ndi chimwemwe changa sindinaone. Nsapato zanga zatsopano tinakagula kuboma sabata yotsatira, ndipo abambo anati safunanso za zingwe, phazi lipite lokha.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo bambo wawo amagwira ntchito kutali. Akaimba foni n'kuyamba zoti umuuze mwanayo, ndimachotsa foni kukhutu, n'kuipereka kwa mwini nkhani, ine n'kutuluka panja. N'zovuta kuposa mmene zimaonekera. Kunyamula mawu a anthu awiri amene umawakonda kumakoma, umamva kuti nyumba yonse yatsamira pa iwe, ndipo umadziwa kuti ukawasiya okha apwetekana kaye asanamvane. Ndikaima panja paja, ndikumva mwana wanga akuchita chibwibwi pa foni, m'pamene ndimakumbukira chitenje cha kutchalitchi ndi buku la kuchipatala la Lachinayi lija. Amayi anali atadziikira malire mumtima mwawo, ndipo tikanachedwa pang'ono chabe akanagonja n'kunditenga okha.

Zimenezo ndazidziwa nditakula. Masana a tsiku limene amalume anabwerera okha, amayi anandiitana kuti ndiwapese tsitsi. Anakhala pamphasa n'kumasula mpango wa kumutu, womwe uja ankavala nyengo yonseyo. Pamfundo pake ndinaona singano itasomekedwa, ya ulusi wakuda.

"Amayi, singano munali nayo?"

"Ndinali nayo."

"Ngakhale tsiku la munga lija?"

"Masiku anayi onse."

Ndinaponya chipeso pansi. Mayi wanji wosunga singano pamutu, mwana wake akutsimphina ndi mafinya? Ndinathamangira kukhonde kumene abambo ankasankha mbewu ya kachewere, kukawaneneza amayi, ndekha, ndi pakamwa panga, mawu akungotuluka osapumira. Abambo anasiya ntchito n'kumandimvetsera. Ndili pakati pofotokoza ndinacheuka, ndipo ndinaona amayi ataphimba kumaso ndi mpango uja, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akundiseka, moti ndinawakwiyira sabata yonse.